Maotsi a Chokoleti Amene Anadya Tulo

Mwandida wa ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, anali mkazi wotopa. Alipo anthu amene amasauka koma osaonekera, pomwe iyeyu umphawi unkamuonekera m'maso ndi m'mapewa. Ntchito yake inali yokazinga vitumbuwa. Tambala asanalire ankakhala atadzuka kale, akupemerera mbaula, akukanda ufa, mafuta otentha akumudumphira m'manja. Kukamacha ankasenza ndowa yake mpaka pamsewu waukulu, pomwe anthu ogwira ntchito ku Lusaka amadikirira mabasi. Malasha ankakwera mtengo, mafuta ophikira nawonso, ndipo zimene zinkatsala zinkangokwana nshima ya tsikulo.

Mwamuna wake, Jeffrey, ankayendetsa minibasi ya munthu wina. Anali wofatsa, wosadandaula, ndipo madzulo akangoika mutu pansi ankayamba kuliza mkonono. Anali ndi mwana mmodzi, Mapalo, mtsikana wa ku sekondale.

Pamsewu paja panabwera wogulitsa watsopano dzina lake Precious, wa ku Kafue Estates. Iyeyu ankafika dzuwa litatuluka kale, atasamba bwino, atanyamula bokosi lozizira lodzaza timabotolo. M'timabotolomo munali phala lofiirira, pamwamba pali tizidutswa ta nthochi. Atsikana a m'maofesi ndi anyamata ovala mataye ankagula n'kukadyera m'basi. Mwandida asanagulitse ngakhale theka la ndowa, Precious ankakhala atatseka bokosi lake.

Mwandida ankamuyang'ana tsiku ndi tsiku. Ndalama za mtsikanayo zinkamupweteka mtima, koma chimene chinkamupweteka kwambiri chinali nkhope yake. Inali nkhope ya munthu amene wagona n'kukhuta tulo.

Tsiku lina analephera kupirira.

"Iwe Precious, uuka nthawi bwanji kuti upike ivi vinthu?"

Precious anaseka. "Kupika? Ba Mwandida, ivi sivipikiwa. Vizipikila veka ine nili gone. Ni maotsi ya chokoleti."

"Kulibe mulilo?"

"Kulibe mulilo, kulibe malasha. Madzulo muyika maotsi mu botolo, hafu chabe. Mwathila mukaka mpaka yamila. Supuni ya koko, ka uchi kapena shuga, ka yogati ngati muli nako, na ka muchele pang'ono. Mwavundula bwino, mwatseka, mwaika mu filiji. Kuseni mwadulilapo nthochi, basi kwasila. Yesani, bantu pano ni bambili, tingagulise tonse."

Anafotokoza zonse osabisa kanthu, ndipo kukoma mtima kwakeko kunangomuwonjezera Mwandida mkwiyo.

Anayesadi. Firiji analibe, choncho ankakasungitsa mabotolo ku kagolosale ka pafupi. Magetsi akazima usiku wonse, m'mawa ankapeza mkaka utasasa, n'kutaya zonse. Akapanda kuzima, maotsi ankatuluka ofewa, onunkhira koko, ozizira bwino. Koma pamsewu anthu ankangowayang'ana n'kupitirira. "Aba ni ba vitumbuwa," ankatero, n'kukaima pamzere wa Precious. Otsala ankabwera nawo kunyumba, ndipo Jeffrey ndi Mapalo ankawadya mpaka kunyambita supuni.

"Amake Mapalo," anatero Jeffrey tsiku lina, "olo yasagulike, pano pa nyumba yatithandiza. Mwana ayenda ku sukulu wokhuta, ine naine. Pang'onopang'ono bantu bazazolowela. Imwe muzigonako."

"Tizadya kugona?" anayankha Mwandida.

Pafupi ndi malo ake pankakhala Bertha, mayi wogulitsa nsomba zouma zimene ankakapikula ku Chanyanya. Bertha anaona mmene Mwandida ankayang'anira bokosi la Precious. M'mawa wina anamuyandikira n'kunena chapansipansi: "Mwana wa mailo akupitilileni imwe muli maso? Ku Chanyanya kuli ba Shadreck, ba ng'anga. Bambili bamene muona na mashopu mu Kafue banapitila pa benve. Ine niyopa, koma njila niiziba."

Mwandida anasunga mawuwo kwa milungu ingapo. Kenako mvula inagwa m'mawa wina, malasha ananyowa, vitumbuwa sizinapse, ndipo anakhala pakhomo manja ali m'masaya. Masana a tsiku lomwelo anakwera galimoto ya ogula nsomba yopita ku Chanyanya.

Ankayembekezera munthu wa mikanda ndi zikopa. Anapeza bambo wonenepa, wovala shati yoyera, atakhala pampando pansi pa mtengo, mabwato ali chapoteropo. Nkhope yake inali yosalala ngati ya khanda longodzuka kumene, ndipo ankayasamula pafupipafupi. Mwandida anagwada n'kupereka botolo la maotsi limene anabweretsa. Ba Shadreck analitsekula, kulinunkhiza, koma sanalawe.

"Chakudya chamene chipsa bantu bali gone," anatero. "Nachikonda. Mufuna chani, amai?"

"Nifuna chizigulika."

"Kugulika chabe?"

Mwandida anayang'ana pansi. "Nalema, atate. Nifuna kupumula."

"Kupumula sinigulisa. Ine nigulisa chuma."

"Chuma ndiye chizanipumulisa."

Bamboyo anamwetulira. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kasupuni ka mtengo wakuda, kakafupi ngati chala. Anakaika pamwala pakati pa awiriwo.

"Botolo iliyonse muzivundula na aka, na kwanja kwanu. Wamene walawa kamodzi azabwela futi. Ndalama zanu sungani. Nkhuku sinifuna, mbuzi sinifuna. Simuzagwila magazi ya munthu, musayope."

"Nanga nilipila chani?"

"Chakudya chanu chisebenza usiku. Chilichonse chosebenza chifunika kudya. Aka ka supuni kadya tulo."

"Tulo twa ndani?"

"Twa pa nyumba panu. Kayambila pali imwe."

"Kakasiliza twanga?"

Ba Shadreck anayasamula kwa nthawi yaitali, n'kupukuta misozi m'maso. "Pa nyumba muli bangati?"

Mphepo yochokera kumtsinje inabwera ndi fungo la nsomba. "Batatu," anayankha Mwandida.

"Ni chakudya chambili icho."

"Ningaleke nikafuna?"

Bamboyo analoza kumtsinje. "Mumana uli apo. Muponyamo ka supuni, vonse vamene kanabwelesa viyenda na manzi. Koma vamene kadya sikabweza. Na chinangu nikuuzeni, amai, chifukwa ine sininama: sininaonepo munthu wamene anaponya nthawi ikalipo."

Mwandida anaganizira Jeffrey ndi mkonono wake. Anaganizira Mapalo, amene ankavuta kudzutsa m'mawa. Kenako anadziuza kuti iye sanali ngati anthu enawo. Agula firiji, apeza nyumba yabwino, ndipo tulo take tisanathe adzakhala atakaponya kale kanthuko m'madzi.

"Tulo?" anatero, akuseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ine nagona liti? Tengani."

Anatola kasupuniko. Kanali kofunda ngati kachokera m'kamwa mwa munthu.

Madzulo amenewo anakonza mabotolo ake monga mwa masiku onse: maotsi, mkaka, koko, shuga, kamchere. Anavundula lililonse ndi kasupuni kakuda kaja. M'mawa bambo wina wothamangira basi anagula limodzi chifukwa mzere wa Precious unali wautali. Anadya supuni imodzi, anaima, n'kubwerera kudzagula ena awiri. Basi inamusiya ndipo sanadandaule. Tsiku limenelo Mwandida anabwerera kunyumba manja ali lendelende, dzuwa lisanatenthe.

Sanakazingenso vitumbuwa. Mzere unasamukira kwa iye, n'kumatalika tsiku ndi tsiku. Anagula firiji, kenako ina, kenako sola kuti magetsi akazima asavutike. Anatsegula shopu pafupi ndi msewu n'kulemba ntchito amayi otsuka mabotolo ndi odula nthochi. Koma kuvundula ankavundula yekha, chitseko atatseka. Chaka chisanathe banjalo linasamukira ku Kafue Estates, ndipo Jeffrey anayamba kuyendetsa minibasi yakeyake, yolembedwa dzina la Mapalo kumbuyo.

Precious anatsala ndi makasitomala owerengeka. Tsiku lina analowa m'shopumo n'kugula botolo limodzi. Analawa n'kukwinya nkhope.

"Ba Mwandida, muyikamo chani?"

"Vamene unaniphunzisa."

"Ni vamene ivo zoona. Kulibe kusiyana." Anamuyang'anitsitsa. "Koma imwe muli bwino? Menso yanu yafiila maningi."

"Ni nchito."

Patapita nthawi pang'ono Precious anasamutsira bokosi lake kugeti la sukulu ina, kwa aphunzitsi, ndipo pamsewu sanaonekenso.

Poyamba Mwandida ankakondwa ndi kusagonako. Ankagona pang'ono n'kudzuka, n'kumati wapeza nthawi yochuluka yogwirira ntchito. Kenako pang'ono paja panachepa. Kenako panatha. Thupi linkatopa monga kale, mwinanso kuposa, koma akagona pabedi latsopanolo n'kutseka maso, mutu unkakhala woyaka ngati babu loiwalika. Ankamva mkonono wa mwamuna wake, kulira kwa mafiriji, magalimoto akuluakulu akudutsa pamsewu, mpaka kunja kuyere. Masana ankayesa kugona pampando, osatheka. Ankayasamula mpaka nsagwada kupweteka. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi, ndipo anangomulemeretsa miyendo. Amayi a chigwirizano a kutchalitchi kwake anabwera kudzamupempherera, iye atagwada pakati pawo, kasupuni kali komangirira m'chiuno mkati mwa chitenje.

Anayamba kuiwala. Ankalowa m'chipinda osadziwa chimene wadzatenga. Ankaitana antchito ndi maina a anthu ena. Tsiku lina anathira mchere m'malo mwa shuga m'mabotolo onse, ndipo anazindikira m'mawa atagulitsa kale theka. Anadikira kuti anthu abwere kudzakalipa. Palibe anabwera. Anadya zonse, mawa lake n'kudzaimanso pamzere, chete, ndalama zili m'manja. Apa m'pamene Mwandida anachita mantha kwa nthawi yoyamba, chifukwa anaona kuti chimene anthuwo ankagula sichinali chakudya chake.

Komabe ankati, nyumba ndi yalendi, ndigule kaye yanga. Atagula anati, mpanda ulibe. Mpanda utamangidwa anati, mwana adzafuna za kukoleji.

M'mawa wina Jeffrey anakhala patebulo, botolo la maotsi lili patsogolo pake, osalitsekula.

"Lelo sininagone," anatero modabwa. "Olo pang'ono. Chibadwile sichinanichitikilepo."

Kapu imene Mwandida anagwira inagwa n'kusweka.

"Ni chani, amake Mapalo?"

"Yatelela chabe."

Mwamuna wake atangonyamuka, anaimbira foni ba Shadreck. Inaitana nthawi yaitali. Bamboyo anayankha ndi mawu olemera a munthu wodzutsidwa.

"Atate, kayamba bamuna banga."

"Ndiye kuti twanu twasila."

"Kulibe njila inangu? Nilipile ndalama, nigule ng'ombe, chilichonse."

"Sikadya ng'ombe, amai. Mumana ukali pamene munausiya." Anayasamula n'kudula foni.

Mwandida anapitadi kumlatho wa mtsinje wa Kafue masana omwewo. Anaima m'mbali, magalimoto akumuwomba mphepo, madzi akuyenda mwakachetechete pansi pake. Anamasula kasupuniko n'kukagwira m'manja. Ali chiimire choncho foni inalira. Anali mayi wina wa ku Lusaka, woyang'anira masitolo angapo, amene ankafuna kuti maotsi a Mwandida azipezeka m'mafiriji awo tsiku lililonse. Mwandida anamvetsera, anayankha mwaulemu, anagwirizana tsiku lokumana. Atamaliza anayang'ananso madziwo. Jeffrey ndi mwamuna wamphamvu, anatero mumtima. Ine ndapirira nthawi yonseyi. Miyezi iwiri yokha, Khirisimasi ikangodutsa. Anamangiriranso kasupuniko m'chiuno n'kubwerera.

Jeffrey sanapirire ngati iye. Munthu wofatsa uja anayamba kukalipira kondakitala wake pa zinthu zazing'ono. Anayamba kumwa mowa kuti mwina umugonetse, koma unkangomusiya ali chikhalire pakhonde, maso ali tong'o. Anaonda. Nthawi zina ankaima pakati pa chiganizo n'kuiwala chimene amanena. Awiriwo ankagona pabedi limodzi, aliyense akunamizira kuti ali m'tulo kuti asavutitse mnzake.

"Mwina ni nyumba iyi," anatero Jeffrey tsiku lina akuvala nsapato. "Ku Nangongwe tenze kugona. Malata yodontha, udzudzu, koma tenze kugona."

"Lelo musayende, atate ake Mapalo. Pasani basi munthu winangu ayendese."

"Nikhale pano nizichita chani? Kuyangana chipupa? Pa museu ndiye niiwalako." Anaima pakhomo n'kutembenuka. "Imwe muziba vambili va mankhwala ya ku chipatala. Kulibe chamene muziba chingatithandize?"

Mwandida anatsala pang'ono kumuuza zoona. Kasupuni kanali kumuwotcha m'chiuno. Anaganiza za mmene mwamunayo angamuyang'anire akamva, ndipo anameza mawuwo.

"Kulibe," anatero.

Ngozi inachitika dzuwa lili pamutu, msewu uli wouma, atangodutsa Shimabala pamsewu wa ku Lusaka. Amene anapulumuka ananena kuti dalaivala sanasinze. Maso anali otsegula, manja onse ali pachiwongolero, koma ankaoneka kuti sakuona chilichonse. Anthu anakuwa, kondakitala anamugwedeza phewa, basi n'kumangolowera mbali ya galimoto yaikulu imene inkabwera kutsogolo. Jeffrey anafera pomwepo, pamodzi ndi anthu ena amene anakhala mipando ya kutsogolo.

Pamaliro panadzaza anthu. Amayi anagona m'nyumba pamphasa, abambo panja pamoto, ndipo nyimbo zikatha aliyense ankapeza pogoneka mutu. Wamasiye yekha ndiye ankakhala tsonga pakona, ndipo anthu ankati ndi chisoni. Palibe anadziwa kuti madzulo aliwonse, anthu akamadya, ankazembera kuchipinda cha mafiriji n'kukavundula mabotolo. Ankalira uku akuvundula. Ankadziuza kuti akasiya tsopano ndiye kuti Jeffrey wafera chabe, ndipo mwana wamasiye adzadya chiyani. Ankadziuzanso kuti mwina imfa yakhutitsa kanthuko.

Maliro atatha nyumba inakhala zii. Mapalo anabwerera kusukulu, mayeso ake omaliza ali pafupi. Mwandida ankamuyang'anitsitsa m'mawa uliwonse, ndipo ankati akaona zikope zotupa ndi tulo mtima unkakhala pansi.

Loweruka lina m'mawa anapeza chitseko cha mwanayo chili chotsegula. Mapalo anali atakhala pabedi loyalidwa bwino, atavala yunifolomu ya dzulo lake, buku lili pamiyendo mozondoka.

"Wauka kale?"

"Sininagone, amama. Na mailo sininagone. Sininafune kukuuzani." Mawu ake anali otsika, opanda mphamvu. "Nitseka menso koma mutu siuzima. Nibelenga, mau yayenda-yenda pa pepala."

"Ni mayeso chabe, mwana wanga. Uganiza maningi."

"Ndiye mwamene banayambila ba tate." Mapalo anadzutsa mutu n'kuyang'ana mayi ake. Maso ake anali atayamba kufiira m'mbali. "Imwe, ba tate, manje ine. Amama, ni chani chili mu nyumba muno?"

Mwandida anatuluka osavala nsapato, osatseka geti. Anayenda wapansi mpaka kumlatho, anthu akumupatsa moni iye osamva. Foni inalira m'thumba ndipo sanaiyang'ane. Atafika anamasula kasupuni kaja n'kukaponya kutali mmene mkono wake wotopa unathera. Kanagwa popanda phokoso, ndipo sikanayandame ngati mtengo. Kanamira ngati mwala.

Pobwerera anapeza Mapalo atagona pansi pabalaza, mutu uli pamkono, pakamwa pali yasa. Anagona tsiku lonselo ndi usiku wake. Mwandida anamufunditsa chitenje n'kukhala pambali pake, akumvetsera kupuma kwake. Kenako nayenso anagona chagada pasimenti, anatseka maso, n'kudikira. Tulo sitinabwere.

Zinthu zinapita monga mmene zinabwerera. Lolemba antchito atatsegula mafiriji anapeza mabotolo onse atachita thovu, zivindikiro zitatukumuka, fungo lake losapiririka, chonsecho magetsi sanazime. Amene anali atatumizidwa kale ku Lusaka anadwalitsa anthu m'mimba, ndipo masitolo aja anabweza katundu yense. Mwandida anagula mkaka watsopano, anatsuka mabotolo ndi madzi otentha, anakonza maotsi abwino ngati amene ankakonza ku Nangongwe. Palibe anaima. Anthu omwe aja amene ankadikira pamzere ankadutsa pashopupo ngati sanalowemo chiyambire. Abale a anthu amene anafa pangozi anabwera ndi milandu yawo. Sola inagulitsidwa, mafiriji anagulitsidwa, kenako nyumba.

Ndi mphamvu zotsala anapitanso ku Chanyanya. Ankafuna kupempha usiku umodzi wokha. Anapeza ba Shadreck pansi pa mtengo womwe uja, atagona pamphasa masanasana, manja ali pamimba. Anawaitana. Anawagwedeza phewa. Anakuwa mpaka asodzi anasiya maukonde awo n'kumayang'ana.

"Musazivute, amai," anatero msodzi wina. "Bakagona so sibauka, olo mulize ng'oma. Bantu benangu bali na mwayi na tulo."

Ba Shadreck anatembenukira kumbali, akumwetulira m'tulo ngati mwana woyamwa. Mwandida anakhala pansi n'kuwayang'ana mpaka dzuwa linapendeka. Kenako ananyamuka.

Mchimwene wake, Fatsani, anawatenga iye ndi Mapalo n'kukawasunga kwake. Mapalo mayeso aja sanakhoze, ndipo anayamba kuthandiza mlamu wa mayi ake kusoka zovala. Mwandida ankakhala pakhonde tsiku lonse, mutu ukugwera kutsogolo n'kudzukanso, kugwera n'kudzukanso, ngati munthu amene ali pafupi kusinza koma wina akumukoka tsitsi. Anayamba kulankhula ndi Jeffrey. Ankamuuza kuti asapite, apatse basi munthu wina. Nthawi zina ankagwira aliyense wodutsa n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Mwagona bwanji?" ndipo munthuyo akayankha kuti wagona bwino, ankamugwirabe dzanja n'kunena kuti, "Niuzeni, chimveka bwanji?"

Anamugoneka m'chipatala nyengo yozizira itayamba. Madokotala anamubaya jakisoni amene amagwetsa ngakhale mwamuna wamphamvu, koma iye ankangoyang'ana kudenga. Anamwalira m'mawa wina anamwino akugawa phala, Mapalo atamugwira dzanja. Mwanayo sanazindikire msanga kuti mayi ake apita, chifukwa nkhope sinasinthe.

Amayi a chigwirizano amene anasambitsa thupi anayesa kutseka maso ake. Ankati akatsitsa zikope, zinkabwerera. Anayesa ndi madzi ofunda, anayesa kugwirizira ndi zala uku akuimba nyimbo. Pomaliza mayi wamkulu pa onsewo anavula duku lake n'kuphimba nkhopeyo, ndipo anamuika m'manda choncho, akuyang'anabe.

Nkhaniyi inadziwika chifukwa Bertha, wa nsomba uja, amene Mwandida anamuululira zonse asanamwalire, sanathe kuisunga. Ena amakhulupirira, ena amati anali matenda chabe. Koma onse amagwirizana pa chinthu chimodzi. Mwandida anali ndi chakudya chabwino m'manja mwake, mwamuna womukonda ndi mwana wathanzi, ndipo chimene chinkafunika chinali kudikira. Dyera linamuuza kuti chimene alipire ndi chaching'ono, chifukwa dyera limatchula mtengo wotsika nthawi zonse, ndipo limatenga kwa amene sanapite nawo kokagula. Chuma cha mankhwala sichikhuta, ndipo mwini wake sanena kuti chakwana. Munthu amene wadya zochepa za thukuta lake n'kugona mpaka m'mawa asadzione wosauka.